Alendo amene anamanga madooko a kwa Nankumba

Kummwera kwa nyanja ya Malawi kuli mtunda wamapiri umene unalowerera m'madzi n'kuigawa nyanjayo pawiri. Mbali ya kum'mawa madzi amakafika ku Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatulukira. Mbali ya kumadzulo amazungulira cha ku Malembo n'kuyang'ana ku Chipoka. Mtundawu ndi dera la Mfumu Nankumba, ndipo m'mphepete mwake mwandanda midzi imene aliyense wogula usipa ku Limbe kapena ku Lilongwe anadyapo thukuta lake ngakhale sanapondeko: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo, Malembo, ndi doko la Monkey Bay limene eni dera amati Lusumbwe. Mukaima pa dooko la Msaka m'mawa maboti akukocheza, mumamva Chichewa, Chitonga, Chitumbuka ndi Chiyao zikukanganirana mtengo wa chigoba chimodzi cha usipa. Anthu ena amaona ngati kusakanikiranaku ndi kwa masiku ano. Zoona zake n'zakuti gombeli lakhala likulandira obwera kwa zaka zoposa 150, ndipo pafupifupi chilichonse chimene limadziwika nacho lero chinafika ndi munthu wochokera kwina.

Kale anthu a m'mbali mwa nyanjayi, Achewa ndi Anyanja, sankadalira nsomba zokha. Munthu ankalima mapira ndi chimanga, nthawi ya nsomba ikakwana n'kutsikira kudooko. Ukonde ankaluka ndi luzi la bwazi ndi chopwa, ntchito yodya miyezi, ndipo ukondewo sunkachedwa kuola ngati sunayanikidwe bwino. Bwato linkasemedwa kuchokera ku mtengo umodzi waukulu wa m'phiri. Khoka linkakokedwa ndi mudzi wonse, amuna, akazi ndi ana, ndipo aliyense wogwira chingwe ankapita kwawo ndi ndiwo. David Livingstone atayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861 anadabwa ndi kuchuluka kwa anthu ndi maukonde. Ndi iyenso anapatsa nsonga ya mtundawu dzina la Cape Maclear, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town.

Koma nthawi imeneyo mtendere unali utayamba kale kuchepa. Ayao anali akufika kuchokera kum'mawa, Mponda n'kukhazikika pafupi ndi potulukira Shire, Makanjira kutsidya la kum'mawa, ndipo malonda a minyanga ndi akapolo anayamba kuoloka nyanja. Kumtunda kunali nkhondo za Angoni. Anthu ambiri anathawira m'miyala ndi m'zilumba, kumene khasu linalibe ntchito, ndipo mbedza ndi ukonde ndizo zinawasunga. Kusamuka koyamba kumene akuluakulu amakumbukira m'derali kunali kothawa.

Mu October 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inakocheza ku Cape Maclear ndi amishoni a ku Scotland otsogozedwa ndi Edward Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Malungo sanawasiye, ndipo manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero pafupi ndi Chembe. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Kwa ine chimene chinasintha kwambiri gombe la Nankumba ndi kuchoka kwawoko, chifukwa sukulu imene ikanakula pa Chembe inakakulira ku Bandawe, ndipo Atonga ndiwo anayamba kudziwa kulemba, kuwerengera ndi kugwira ntchito yolipidwa. Anagwira ntchito m'sitima ndi m'masitolo a African Lakes Company, kenaka msonkho wa nyumba utafika anayamba ulendo wa ku migodi ya Rhodesia ndi Joni. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anakafika mpaka ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU pakati pa anthu a padoko. Ena sanabwerere konse, ndipo kwawo ankawatcha matchona. Akazi anatsala ndi minda ya chinangwa ndi ana. Koma amene anabwerera anabwera ndi kangachepe m'thumba, ndipo ku dziko la miyala ndi mchenga ngati Usisya, Chizumulu kapena Likoma, kumene ng'ombe n'zosowa ndiponso munda ndi wochepa, chuma chooneka chinali bwato ndi ukonde.

Pamene kumpoto kunkasonkhana luso ndi kandalama, kummwera kunkakula msika. Boma la atsamunda linakhazikitsa Fort Johnston mu 1891, tauni imene lero ndi Mangochi. M'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu munadzaza antchito, ambiri mwa iwo Alomwe othawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi ku Mozambique, ndipo anthu onsewo ankafuna ndiwo. Nsomba zouma ndi zowamba zinayamba kukwera mtunda pamutu, kenaka panjinga, ulendo wa masiku angapo. Amalonda a njinga amenewa mbiri simawatchula maina, koma ndiwo anatsegula njira imene malole akudutsa lero.

M'zaka za m'ma 1930 kunafika Agiriki, odziwika kwambiri kukhala abale a banja la Yiannakis, amene anayamba usodzi wa maukonde aakulu, maboti a injini ndi malole kumbali ya Fort Johnston. Ankagulitsa chambo m'matauni ndi m'minda ya tiyi, china n'kumatumiza ku Southern Rhodesia. Asodzi ndi mafumu anadandaula kwambiri kuti nsomba za m'nyanja yawo zikupita kunja iwo akusowa, ndipo nkhaniyi inalowa m'madandaulo a ndale a nthawi imeneyo. Boma linaitana akatswiri. Mu 1939 kunabwera Kate Ricardo Bertram, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas, ndipo pakati pa 1945 ndi 1947 Rosemary Lowe anafufuza moyo wa chambo, nachenjeza kuti nsombayi ili ndi malire. Msodzi wamba naye sanagone. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ulusi utasowa, anthu ankasenda matayala akale a galimoto n'kusolola timaulusi ta m'kati mwake kuti alukire ukonde. Nayiloni itafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, luso loluka ndi bwazi linayamba kufa, ndipo ukonde unasanduka chinthu chogula. Kuyambira pamenepo wokhala ndi ndalama ndiye anakhala mwini ukonde, wopanda ndalama n'kukhala wantchito wake.

Apa m'pamene pakulowera chilimira, ukonde umene unasintha gombe la Nankumba kuposa china chilichonse. Eni luso lake anali a ku Likoma, Chizumulu ndi m'mbali mwa Nkhata Bay. Khoka limakokedwera kumtunda, ndipo limadikira nsomba kuti iyandikire. Chilimira chimaitsata pakati pa nyanja. Asodzi a kumpoto ankadziwa malo a miyala ya pansi pa madzi, imene amati virundu, pamene utaka umasonkhana moyang'anizana ndi mkokomo wa madzi, ndipo ankapeza malowo poyang'ana mapiri ndi mitengo ya kumtunda, popanda chida chilichonse. Ukondewo umaponyedwa ndi mabwato awiri amene amazungulira gulu la nsomba n'kukumana, amuna n'kumakoka ndi manja. Kumpoto luso linalipo, koma nyanja ya kumeneko ndi yakuya, mapiri amagwera m'madzi mwenimweni, ndipo midzi ngati Usisya ndi Ruarwe inalibe msewu wopititsira nsomba kumsika. Kummwera madzi ndi osaya, nsomba zinali zambiri, ndipo Blantyre anali pafupi. Ilala yachiwiri, imene inalumikizidwa pa Monkey Bay n'kuyamba ulendo mu 1951, inafupikitsa mtunda: munthu ankakwera ku Usisya kapena ku Likoma ndi ukonde wake m'thumba, masiku owerengeka n'kutsikira pa Monkey Bay.

Sanabwere ngati olanda. Mwambo unali wakuti mlendo ayambe waonekera kwa nyakwawa, apereke kangachepe kapena nsomba za tsiku loyamba, apatsidwe malo omangapo msasa. Poyamba ankakhala miyezi ingapo n'kubwerera kwawo mvula ikayandikira. Kenaka miyezi inatalika, misasa ya udzu inasanduka nyumba za njerwa, m'bale anaitana m'bale, ndipo malo amene anali ongofikirapo asodzi, monga Mvunguti ndi Zambo, anakhala midzi yeniyeni yokhala ndi ana obadwira pomwepo. Msaka anakula mpaka kukhala limodzi mwa madooko aakulu a nyanja yonse. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo anyamata a Chichewa ndi a Chiyao anaphunzira chilimira pogwira ntchito m'mabwato a Atonga, ena mpaka kudzakhala ndi maukonde awoawo.

Usodzi wa usiku wa kauni unawonjezera anthu. Usipa umatsata kuwala, choncho munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato lake ndi nyali, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pake. Iye ndiye amadziwa nthawi yoponya. Akalakwa, anthu pafupifupi khumi agwira usiku wonse pachabe, n'chifukwa chake siginala wodziwa amalimbiranidwa ndipo gawo lake limaposa la anzake. Kale nyali zinali za parafini zopopa, lero ambiri ali ndi mababu a batire. Mwezi ukawala kwambiri usipa sulabadira nyali, ndipo masiku amenewo ndi osoka maukonde, ochapa, oyendera abale. Amene anaonapo nyanja usiku wa mdima, nyali zitandanda kuchokera ku Msaka mpaka kuonekera ku Senga Bay, amadziwa kuchuluka kwa mabanja amene akudya kuchokera m'madzi amenewo.

Moyo wa obwerawa unasiyana ndi wa eni mudzi pa chinthu chimodzi chachikulu: analibe minda. Mchewa wa ku Chembe nsomba zikasowa ankatembenukira kunkhokwe. Mtonga wa ku Mvunguti analibe kotembenukira, ufa ankagula, ndipo mwera ukaomba mu June ndi July mabwato osatuluka kwa masiku, pakhomo pankalowa njala ngakhale munthuyo ali ndi ukonde wa ndalama zambiri. N'chifukwa chake sankatha kukhala pansi. Usipa ukamveka ku Makanjira, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, ankanyamuka. Maukwati nawo anasakaniza miyambo. Mwamuna wochokera kumene ana amatsata bambo anakwatira kumene mwamuna amakhala pachikamwini ndipo ana ndi a kwa mayi, ndipo milandu ya maukonde a womwalira, ngati apite kwa ana a kuno kapena kwa abale a kumudzi, yavutitsa mabwalo a mafumu kwa zaka zambiri. Ambiri anakhala ndi makomo awiri. Ndalama za usipa wa ku Msaka zafolera nyumba za malata ku Usisya ndi kulipirira sukulu ana a ku Chizumulu, ndipo mpaka lero pali mabanja amene amalolera kugulitsa injini kuti maliro akaikidwe kwawo kumpoto.

Ulendo wa ku migodi utatsekeka, nyanja ndiyo inalandira anthu. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Ulendo wa ku migodiwo, umene tsopano unkatchedwa wa Theba, unayambiranso mu 1977 koma mochepa, ndipo unatheratu mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a anthu ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Amuna amene anabwerako ndi ndalama anagula injini ndi maboti a matabwa, monga amene ankakhomedwa ku Mpwepwe. Anyamata amene akanapita ku Joni anatsikira kunyanja, ndipo sanali a m'mbali mwa nyanja okha ayi. Anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene minda inali itachepa, ena osadziwa n'kusambira komwe. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, monga inachitiranso mu 1968, asodzi a matemba nawo anabalalikira ku Malombe ndi ku madooko a Mangochi.

Anthu amenewa ndiwo alovi, ogwira ntchito m'boti la mwini, ndipo ndi amene mtima wanga umawawira kwambiri pa mbiri yonseyi. Mlovi alibe kalata ya ntchito. Nsomba zikagulitsidwa amayamba achotsa za mafuta, zotsalazo n'kugawana pakati pa mwini zipangizo ndi gulu lonse, ndipo tsiku lopanda nsomba ngongole ya mafuta imadikira mawa. Amagona mothithikana m'zipinda za lendi kapena pamchenga pansi pa boti. Akapeza ndalama zimabwera zambiri tsiku limodzi, pamalo podzaza mabala ndi mavidiyo, popanda banki pafupi. Anthu a kumtunda amafulumira kunena kuti asodzi ndi omwaza. Ine ndimaona mnyamata amene usiku uliwonse amakhala pakati pa nyanja popanda chovala choyandamitsa, amene anaikapo mnzake womira, ndipo sindidabwa kuti za mawa zimamuvuta kuziganizira. Boti likagubuduzika ndi mwera, nthawi zina padooko palibe amene akudziwa mudzi weniweni wa womwalirayo, chifukwa ankangodziwika ndi dzina lachibwana.

Amayi nawo ndi oyenda. Ndiwo amagula usipa m'mamawa, kuuyanika pathandala kapena kuufutsa, kuwamba utaka ndi kampango, kenaka kukwera lole usiku kupita ku Limbe, Zomba kapena Lilongwe. Mpamba wawo ndi wochepa, kawirikawiri wa ku banki m'khonde, ndipo mvula ikagwa usipa uli pathandala, mpambawo waola. Nsomba zikachepa ogula n'kuchuluka, mphamvu yonse imapita kwa mwini boti ndi alovi ake, ndipo apa m'pamene panamera mchitidwe woti mayi agone ndi msodzi kuti apeze mwayi wogula. Edzi inadutsa m'madooko amenewa mwaukali m'zaka za m'ma 1990, ndipo agogo ambiri a kumpoto ndi kumtunda analandira ana amasiye obadwira kunyanja. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapezanso madooko ali othithikana, zimbudzi zili zochepa pamchenga.

Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza mbuna, tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala timene sitipezeka kwina kulikonse, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala m'kati, yozingidwa ndi paki. Sanasamutsidwe, ndipo ichi chinali chanzeru, koma nkhuni za m'phiri zowambira nsomba ndi zophikira zinasanduka nkhani ya chilolezo, ndipo kuponya ukonde pafupi ndi miyala ya paki kunaletsedwa. Ku Chembe kunabwera alendo a mtundu wina, okaona malo, ndi malo ogona amene anatenga mbali ya gombe. Likodzo nalo linachuluka pa Chembe, ndipo ofufuza analigwirizanitsa ndi kuchepa kwa nsomba zimene zimadya nkhono m'madzi osaya.

Kenaka chambo chinayamba kusowa. Ku Malombe, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ankapha matani oposa 8,000 pachaka, pofika m'ma 1990 sankafikanso ngakhale 1,000. Kummwera kwa nyanja yaikulu nako chinatsika kwambiri, ndipo lero usipa ndiwo woposa theka la nsomba zonse zophedwa m'dziko muno. Chala chinaloza msanga kwa obwera: akuti alibe chisoni ndi nyanja chifukwa si kwawo. Mawu amenewa sindigwirizana nawo. Chambo chimaswana m'madzi osaya, ndipo chinapwetekedwa ndi makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ana ake ndi kuzula udzu wa pansi, ndi ukonde wa nkacha wa ku Malombe, ndi maukonde osokerera neti ya udzudzu, ndi maboti aakulu okoka ukonde pansi amene anayamba mu 1968, ndi kudula bango m'gombe pomanga nyumba zopumulirako anthu olemera. Pa zonsezi pali manja a eni mudzi, a obwera, a makampani ndi a boma lomwe. Msodzi wa chilimira amene anabadwira pa Msaka, bambo ake n'kuikidwa pomwepo, kumutchabe mlendo ndi kufuna pothawira mlandu.

Boma linayesa kubweza mphamvu kwa anthu. Mu 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kunayamba makomiti a m'madooko, ma BVC, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linawavomereza. Nyanja ya kummwera imatsekedwa kwa makoka kuyambira mu November kuti chambo chiswane. Koma m'makomiti ambiri munalowa anthu a pafupi ndi mfumu, pamene alovi ndi asodzi oyendayenda, amene ndiwo ali pamadzi usiku uliwonse, anatsala kunja. Lamulo lopangidwa munthu palibe, ndiponso limene nthawi zina limafewa mfumu ikalandira ndiwo, silichedwa kunyozeka.

Kutsidya kwa madzi, ku Salima, kuli chilumba cha Mbenji, chimene chimaonetsa kuti zikanatha kuyenda mwina. Kumeneko amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 asodzi awiri a ku Likoma anapita kwa mfumu ya deralo kukapempha kuti aziphera utaka pachilumbapo, ndipo malamulo amene anamangidwa kuyambira nthawi imeneyo, pansi pa ufumu wa Makanjira wa ku Salima, alipobe. Chilumba chimatsekedwa nyengo ya mvula, cha mu December, n'kutsegulidwa cha mu April ndi mwambo umene kumabwera anthu ambiri. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi saloledwa kufikako, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Lamulo la akazi ena amalitsutsa, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa amayi ndiwo amasenza malonda a nsomba. Komabe utaka wa ku Mbenji ndi waukulu kuposa wa malo ambiri, ndipo amene amasunga malamulowo tsiku ndi tsiku ndi asodzi obwera ochokera m'maboma osiyanasiyana, chifukwa anapatsidwa mpando pa zokambirana.

Ku Nankumba ulendo sunathe. Usipa ukupezeka kutali kuposa kale, ndipo maboti amayenda maola angapo kulowa pakati pa nyanja, mafuta n'kumadya gawo la alovi lisanafike m'manja. Ena amaolokera m'madzi a Mozambique, kumene nthawi zina amalandidwa maukonde ndi injini. Zidzukulu za amuna amene anatsika Ilala ndi chilimira m'thumba zikukwera mabasi a ku Johannesburg ndi Cape Town, monga anachitira azigogo awo asanadziwe Msaka, ndipo ndalama zimene zimatumiza pafoni zikugulanso injini ndi mababu. Malo amene anyamatawa asiya m'maboti akulowamo ena ochokera ku Ntcheu ndi ku Machinga, amene chaka chino ndi choyamba kugwira nkhafi.